Madalitso a Yakobo ndi a Mose pa Mafuko a Israyeli

Ana a sukulu zathu za m'midzi adziwa kuchula maina a ana khumi ndi awiri a Yakobo, kuyambira Rubeni kufikira Benjamini, ndipo ambiri a ife tinaloweza maina amenewa tisanadziwe kulemba maina athu. Koma tikafunsa kuti, Nanga Rubeni, woyamba kubadwa uja, anatsirizira kuti? kapena kuti, Cifukwa ninji Ambuye wathu anabadwa mwa Yuda, mwana wacinai, osati mwa woyambayo? pamenepo ngakhale akuru a mpingo ayamba kuyang'ana pansi. Mayankho ace ali m'mitu iwiri ya Buku Lopatulika imene timaidumpha kawirikawiri cifukwa mau ace ndi obvuta: Genesis 49, m'mene Yakobo atsazika ana ace, ndi Deuteronomo 33, m'mene Mose atsazika mafuko obadwa mwa anawo. Mwezi uno tifuna kuika mitu iwiriyi pamodzi, kuti tione cimene cinacitika pakati pa mau a woyambayo ndi mau a waciwiriyo.

Nkhaniyi siiri ya anthu akale okha ai. Pali Akristu pakati pathu amene akhala ndi mantha masiku onse cifukwa ca mau owawa amene kholo lina linanena pa mbumba yao pakufa. Mwana akadwala, kapena cimanga cikakana, mtima wao uthamangira ku mau aja. Pali enanso amene ayenda modzitama cifukwa anabadwa m'nyumba yaikuru, nayesa kuti dzina la makolo lidzawanyamula. Mbiri ya mafuko a Israyeli iri ndi kanthu kouza anthu a mitundu iwiri yonseyi.

Nyumba ya amai anai

Kuti timve mau a Yakobo tiyenera kuyamba talowa m'nyumba mwace. Pothawa Esau mkuru wace, Yakobo anapita kwa atsibweni ace, Labani, ku Padanaramu, nawagwirira nchito zaka 20. Iye anafuna mkazi mmodzi, Rakele, koma anabwerako ndi akazi anai. Leya, amene sanakondedwa, anambalira ana amuna asanu ndi mmodzi, Rubeni, Simeoni, Levi, Yuda, Isakara ndi Zebuloni, ndi mwana wamkazi, Dina. Biliha, mdzakazi wa Rakele, anabala Dani ndi Nafitali. Zilipa, mdzakazi wa Leya, anabala Gadi ndi Aseri. Potsiriza Rakele anabala Yosefe ndi Benjamini, koma pakubala wotsirizayu anamwalira pa njira ya ku Betelehemu. Amene anakulira m'nyumba ya mitala sasowa kuuzidwa za nsanje imene ikhala m'menemo. Ana awa anakula alikudziwa kuti atate wao akonda nyumba imodzi koposa zinzace, ndipo ndeu zao zambiri zinamera pamenepo.

Tikumbukirenso kuti mwambo wao wa colowa unasiyana ndi wa ambiri a ife. Kwa Acewa ndi Anyanja mwana atsata kwa mai wace, ndipo wolowa dzina ndiye mwana wa mlongo. Aisrayeli anawerenga mtundu kwa atate, monga acita Angoni. Mwana wamwamuna woyamba analandira magawo awiri a cuma pamene abale ace analandira limodzi limodzi, ndipo ndiye anasanduka mutu wa banja. Ukuru umenewu unali wolimba ndithu, kotero kuti pambuyo pace lamulo la pa Deuteronomo 21 linaletsa munthu wa akazi awiri kuulanda kwa mwana wa mkazi wosakondedwa ndi kuupatsa mwana wa wokondedwayo.

Miyambo yotere inadziwika m'maiko ozungulira. Kumapeto kwa caka ca 1901 anthu okumba zakale anapeza ku Susa, m'dziko la Iran, mwala waukuru wakuda wolembedwa malamulo a Hammurabi, mfumu ya Babulo ya zaka za ngati 1792 mpaka 1750 Kristu asanabadwe. Lina la malamulowo linena kuti atate akabvomera ali moyo kuti ana a mdzakazi wace ndiwo ana ace, anawo adzagawana colowa pamodzi ndi ana a mkazi wa ukwati. Ku Nuzi, pafupi ndi Kirkuk m'dziko la Iraq, kumene anakumba kuyambira 1925 mpaka 1931, anapeza zikwi za mapale a dothi olembedwa, ndipo ena mwa iwo ndi mau otsiriza a atate ogawa cuma cao, opatsa wamkuru magawo awiri, kapena ocotsa mwana wosamvera pa colowa. Zolembedwazi sizichula Yakobo, koma zitithandiza kumva cifukwa cace Dani, Nafitali, Gadi ndi Aseri anaima pamodzi ndi ana a Leya ndi a Rakele, ndi cifukwa cace mau a atate wakufa anali olemera ngati ciweruzo ca pabwalo. Yakobo mwini anadziwa kulemera kwace koposa onse, pakuti iye ananyenga Isake atate wace wosaona, natenga mdalitso wa Esau, naona kuti ngakhale misozi ya Esau siinathe kuubweza.

Pakama pa Yakobo

Yakobo anatsikira ku Aigupto ali ndi zaka 130, nakhala m'dziko la Goseni zaka 17. Asanaitane ana onse anayamba wacita kanthu kena, kolembedwa pa Genesis 48. Yosefe atadza kudzamzonda ndi ana ace awiri, Manase ndi Efraimu, nkhalambayo inatenga anyamatawo kukhala ana ace enieni, olingana ndi Rubeni ndi Simeoni. Pakutero inapatsa Yosefe magawo awiri, ndilo gawo la woyamba kubadwa. Apa ndi pamene ana a sukulu asokonezeka powerenga, pakuti maina asanduka khumi ndi atatu. Koma Malembo asunga ciwerengo ca khumi ndi awiri motere: pamene Levi awerengedwa, Yosefe ali mmodzi, pamene anena za kugawa dziko kapena za nkhondo, Levi aturuka, ndipo Yosefe asanduka awiri.

Podalitsa anyamatawo Yakobo anapingasa manja ace, naika lamanja pa Efraimu wamng'ono, lamanzere pa Manase wamkuru. Yosefe anayesa kuti atate wace alakwa cifukwa ca maso akuda a ukalamba, nafuna kukonza manjawo, koma Yakobo anakana. Atatero anaitana ana onse, nanena ndi yense payekha. Kwa ena mau anali okoma, kwa ena anali cidzudzulo cowawa. Koma wolemba Genesis acha mau onsewo madalitso, ndi odzudzula omwe. Ticisunge cimeneci mumtima pamene tirikupitirira.

Rubeni

Yakobo sanakana kuti Rubeni ndiye woyamba. Anachula ulemu wonse umene unamuyenera, ndipo atauchula anaucotsa. Anamfanizira ndi madzi osakhazikika, nakumbutsa cimo la zaka zambiri zapitazo, pamene Rubeni anagona ndi Biliha, mkazi wamng'ono wa atate wace. M'masiku aja kucita cotero sikunali cigololo cokha, kunali kulanda mpando atate ali moyo, monga anacitira Abisalomu ndi akazi a Davide. Genesis 35 atiuza kuti Yakobo anamva za ici, koma salemba kuti ananenapo kanthu. Anakhala cete zaka zonsezo, nadzalankhula pakama.

Mbiri ya pfukoli itsata mau amenewa. Arubeni, pokhala ndi zoweta zambiri, anapempha Mose dziko la kum'mawa kwa Yordano, nakhala kunja kwa Kanani. Datani ndi Abiramu, amene anaukira Mose m'cipululu, anali a kwa Rubeni. Pa nkhondo ya Debora ndi Baraki, pamene Zebuloni ndi Nafitali anataya moyo wao, Arubeni anakhala pakati pa nkhosa zao alikupangana osatha, ndipo sanapite. Sitiwerenga za woweruza kapena mfumu yocokera kwa iwo. Pamene Mose anadalitsa mafuko, sanampemphera Rubeni ukuru kapena cuma. Anangopempha kuti pfuko lace lisazime.

Mboni ina ndi mwala. M'caka ca 1868 mmishoni wina, F. A. Klein, anaonetsedwa ku Dhiban, kum'mawa kwa Nyanja ya Mcere, mwala umene Mesa mfumu ya Moabu analemba ngati zaka 840 Kristu asanabadwe; lero uli ku Paris. Mesa adzitama kuti analanda Nebo kwa Israyeli ndi kumanga Baalameoni, midzi imene Numeri 32 aipatsa Rubeni. Achula anthu a Gadi, kuti anakhala ku Ataroti kuyambira kale, koma Rubeni samchula konse. Otsala ao anatengedwa ukapolo ndi Tigilati Pilesere wa Asuri ngati m'caka ca 732.

Simeoni ndi Levi

Apa tikhalitse pang'ono, pakuti mtima wa nkhani yathu uli pano. Rubeni atagwa, ukuru ukadatsikira kwa Simeoni, ndi pambuyo pace kwa Levi. Koma Yakobo anawatenga awiriwa pamodzi, nawapatsa mau amodzi. Cifukwa cace ciri pa Genesis 34. Sekemu, mwana wa mfumu ya mudzi wa dzina lomwelo, anaipsa Dina mlongo wao. Mlandu unalipo ndithu, ndipo mkwiyo wao sunali wopanda cifukwa. Koma iwo anabvomera ukwati monyenga, nati amuna onse a mudziwo ayambe adulidwa. Ndipo tsiku lacitatu, anthuwo ali ndi zilonda, anawalowera ndi malupanga, napha amuna onse, olakwa ndi osalakwa omwe. Anasandutsa cizindikiro ca cipangano ca Mulungu kukhala msampha.

Pakama paja Yakobo anadzipatula ku upo wao, nanena kuti adzagawanika ndi kubalalika pakati pa Israyeli. Koma tipenyetse bwino: cimene anatemberera ndico mkwiyo wao ndi ukali wao, osati anthuwo. Mau a kubalalika anagwa pa onse awiri molingana, ndipo anakwaniridwa pa onse awiri, pakuti palibe mmodzi wa iwo analandira dziko lacelace. Koma taonani kusiyana kwa makwaniridwe ace.

Pa ciwerengo coyamba, ca ku Sinai, Simeoni anali ndi amuna a nkhondo 59,300. Anali wacitatu kukula, wopambanidwa ndi Yuda ndi Dani okha. Pa ciwerengo caciwiri, ca m'zidikha za Moabu, anatsala 22,200, wocepa mwa onse. Palibe pfuko lina linacepa cotero. Ciwerengo caciwirico cinacitika utangotha mliri wa ku Peori, pamene Aisrayeli anatsata akazi a Moabu ndi milungu yao, nafa anthu 24,000. Munthu amene analowa ndi mkazi wa ku Midyani m'hema mwace poyera, msonkhano wonse ulikulira, anali Zimiri, kalonga wa nyumba ina ya Simeoni. Ndipo amene ananyamuka namletsa ndi mkondo anali Pinehasi, mdzukulu wa Aroni, wa kwa Levi. Abale awiri aja amene anagwira lupanga limodzi ku Sekemu anaima tsopano mbali ziwiri.

Pa madalitso a Mose dzina la Simeoni palibe. Pogawa dziko, Yoswa 19 atiuza kuti colowa cace cinali m'kati mwa gawo la Yuda, kumwera kouma, ku Beereseba, Horima ndi Zikilaga. Ndipo midzi yomweyo iwerengedwanso pa Yoswa 15 ngati ya Yuda. Buku loyamba la Mbiri linena kuti mabanja ao sanacuruke ngati a Yuda, ndi kuti ena anasamuka kukafuna busa, amuna 500 napita ku phiri la Seiri. Otsala anamwerekera mwa Yuda, monga kamtsinje kalowa m'nyanja.

Nanga Levi? Mwa iye munabadwa Mose, Aroni ndi Miriamu. Ndipo pa tsiku loipa lija, pamene Israyeli anapembedza mwana wa ng'ombe wagolidi pansi pa Sinai, Mose anaima pacipata naitana onse amene ali a Yehova. Ndipo amene anasonkhana kwa iye anali ana a Levi. Nchito imene anapatsidwa tsiku limenelo inali yoopsa, anagwa anthu ngati 3,000, ndipo siiri citsanzo ca kuti ife ticite comweco, pakuti Ambuye analamula Petro abweze lupanga m'cimace. Koma tione cimene cinasintha. Cangu cao cinali comwe cija ca kholo lao. Ku Sekemu cinatumikira cilipiriro ca iwo eni, ku Sinai cinagonja pansi pa lamulo la Mulungu, ngakhale potsutsana ndi abale ao.

Cotero pamene Mose anafika pa Levi, anampatsa mau ambiri ndi aulemu: kusunga Tumimu ndi Urimu, kuphunzitsa Israyeli cilamulo, kufukiza zonunkhira ndi kupereka nsembe paguwa. Mau a Yakobo sanafafanizidwe ai. Alevi anabalalikadi, napatsidwa midzi 48 ndi mabusa ace, yomwazika pakati pa mafuko onse. Koma kubalalika kumene kunazimiriritsa Simeoni kunaika mphunzitsi wa cilamulo pafupi ndi Mwisrayeli ali yense. Isanu ndi umodzi ya midziyo inali yopulumukirako, kuti wakupha mnzace mwangozi athawireko, wolipsa mwazi asamgwire mlandu usanazengedwe. Ndipo mmodzi wa midzi isanu ndi umodziyo unali Sekemu. Pamalo pamene Levi anakhetsa mwazi wa kubwezera, zidzukulu zace zinaikidwa kutsekulira cipata munthu wothawa kubwezera.

Yuda

Atatu atapitirira, Yakobo anafika pa Yuda. Tisayese kuti uyu anali wopanda banga. Ndiye anapangira abale ace kuti agulitse Yosefe kwa amalonda, ndipo mutu wonse wa Genesis 38 ufotokoza manyazi ace ndi Tamara mpongozi wace. Koma pamene Tamara anaturutsa mphete, cingwe ndi ndodo yace, Yuda sanakane. Anabvomera pamaso pa anthu kuti wolakwa koposa ndi iye. Ndipo m'zaka za njala, pamene Benjamini anati atsale kapolo ku Aigupto cifukwa ca cikho, Yuda anasendera kwa nduna ija, osadziwa kuti ndiye Yosefe, napempha kuti iye mwini akhale kapolo m'malo mwa mnyamatayo, kuti nkhalamba ya ku Kanani isafe ndi cisoni. Iye amene anagulitsa mwana mmodzi wa Rakele anadzipereka cifukwa ca mwana wina wa Rakele. Rubeni analakwa, ndipo sitiwerenga kuti analapa. Yuda analakwa, nabwerera.

Yakobo anasewera ndi dzina lace, limene m'Cihebri limveka ngati kuyamika, nati abale ace adzamyamika ndi kumgwadira. Anamfanizira ndi mkango wogona umene palibe wolimba mtima kuuutsa, naika ndodo ya ufumu m'nyumba mwace, namlonjeza dziko la mpesa wocuruka, loti munthu angamangirire buru ku mtengo wa mpesa osadandaula kuti audya. Pa ndime ya 10 pali liu lobvuta, Silo, limene omasulira asiyana nalo kufikira lero; koma Ayuda akale amene anamasulira Genesis m'Ciaramu analimva za Mesiya, ndipo Eklesia walimva comweco.

Ngati zaka 1000 Kristu asanabadwe Davide wa kwa Yuda analowa ufumu ku Hebroni, kumene kuli phanga la Makipela m'mene Yakobo anaikidwa pamodzi ndi Leya, mai wa Yuda. Nyumba yace inakhala pampando ku Yerusalemu zaka ngati 400, kufikira Ababulo anapasula mudziwo m'caka ca 586. M'caka ca 1993 okumba anapeza ku Tel Dan cidutswa ca mwala wolembedwa m'Ciaramu, wa zaka za m'ma 800 Kristu asanabadwe, m'mene mfumu yacilendo ichula nyumba ya Davide. Cotero ukuru wa Rubeni unagawika patatu: magawo awiri a dziko kwa Yosefe ndi utsogoleri kwa Yuda, monga 1 Mbiri 5 afotokoza, ndi utumiki wa paguwa kwa Levi.

Otsalawo

Mau a kwa enawo ndi aafupi, onga maina a ngwazi amene akuru athu amachulana pabwalo. Ena asewera ndi dzina: Dani atanthauza kuweruza, ndipo dzina la Gadi limveka ngati gulu la acifwamba, loyenera pfuko la kumalire limene adani analigwera kawirikawiri. Ena atenga nyama: Isakara buru wamphamvu amene anakonda cigwa cace cacondeco nalola thangata, Dani njoka ya m'njira, Nafitali nswala, Benjamini mmbulu. Sitidabwa kuti Samsoni, wogwera Afilisti mobisa, anali wa kwa Dani, ndi kuti Ehudi ndi mfumu Sauli anali a kwa Benjamini. Aseri analandira cakudya ca mafuta, pakuti dziko lace la kugombe ndi la mitengo ya azitona. Zebuloni ananenedwa za nyanja ndi zombo. Yosefe analandira mau ambiri kwa Yakobo ndi kwa Mose yemwe, a mvula ya kumwamba, akasupe a pansi, ndi kubala. Ndipo Efraimu, wamng'ono uja, anaturutsa Yoswa, nasunga cihema ku Silo, nakula kotero kuti aneneri anacha ufumu wonse wa kumpoto dzina lace.

Masungidwe a mau awa

Wina angafunse kuti mau amenewa anatifika bwanji. Akatswiri a Cihebri atiuza kuti mitu iwiriyi, pamodzi ndi nyimbo ya Debora pa Oweruza 5, iri m'cinenero cakale koposa ca mitu yoizinga, ca mau ena osapezeka pena. Ambiri a iwo aganiza kuti mafuko anasunga mau awa pakamwa mibadwo yambiri, ndi kuti anasonkhanitsidwa ndi kulembedwa monga tiri nao m'masiku a oweruza kapena a mafumu. Aona kuti pa Genesis 49 Yuda akwezedwa, koma pa Deuteronomo 33 Yuda ali ndi mau ocepa, opempha kuti abwezedwe kwa anthu ace, pamene Yosefe ali ngati mfumu. Cifukwa cace ati mdalitso wa Mose unasungidwa makamaka kumpoto. Nyimbo ya Debora ichula magulu khumi, osachula Yuda, Simeoni kapena Levi. Ife amene tidziwa kuti mbiri ya Kalonga ndi ya Undi inakhala m'kamwa mwa akuru zaka mazana isanalowe m'buku, sitiyesa ici cinthu cacilendo.

Kuti Israyeli analipo m'Kanani m'masiku akalewo, Aigupto yemwe acitira umboni. M'caka ca 1896 Flinders Petrie anapeza ku Thebes mwala wa Farao Merneptah, wa ngati caka ca 1208 Kristu asanabadwe, umene uchula Israyeli ndi cizindikiro cosonyeza mtundu wa anthu, osati mudzi wa malinga. Ndiko kuchulidwa kwace koyamba kodziwika kunja kwa Buku Lopatulika.

Matsiriziro

Solomo atafa, ngati m'caka ca 930, mafuko anang'ambika pawiri. Asuri anagwetsa Samariya m'caka ca 722, ndipo Efraimu, amene analandira dzanja lamanja ndi madalitso ocuruka koposa onse, anatengedwa osabwereranso monga pfuko. Mdalitso waukuru sunamsunge pamene anaika ana a ng'ombe agolidi ku Beteli ndi ku Dani. Amene anabwera ku ukapolo wa ku Babulo anali makamaka a Yuda, a Benjamini ndi a Levi, ndipo mtundu wonse unachedwa Ayuda. Koma ena sanaiwale kwao. Anna, mneneri wamkazi amene anaona Yesu wakhanda m'Kacisi, anali wa kwa Aseri. Paulo anali wa kwa Benjamini. Barnaba anali Mlevi. Ezekieli, poona mudzi watsopano m'masomphenya, anaona zipata khumi ndi ziwiri, ndipo Rubeni ndi Simeoni anali naco cipata yense. Pa Cibvumbulutso 7 maina ao awiri alipo, ndipo wotsogola ndiye Yuda.

Akuru athu amati mau a akuru akoma akagonera. Mau a Yakobo anagonera zaka mazana, ndipo anapezedwa oona. Koma tiyenera kuona kuti anali oona mwa njira yanji. Sanali mankhwala omanga munthu kuti asathe kutembenuka. Simeoni ndi Levi anamva mau amodzi pakama pamodzi, ndipo cimene cinawasiyanitsa ndico cimene zidzukulu zao zinacita pa Sinai ndi pa Peori.

Cifukwa cace, inu abale amene muopa mau a kholo lanu, funsani poyamba kuti kholo lija linadzudzula ciani. Ngati ndi ndeu, kapena mowa, kapena cigololo cimene cikhala m'mbumba mwanu mbadwo ndi mbadwo, pamenepo mwapatsidwa cenjezo, ndipo cenjezo ndi mdalitso kwa iye amene alimvera. Lekani cinthuco, monga anacita Yuda. Ngati anali mau a mkwiyo cabe, musataye nkhuku ndi mbuzi zanu kwa aula, pakuti Iye amene anaturuka mwa Yuda anasenza temberero pamtanda. Mwina zipsera za mlandu wakale zidzatsala, monga Alevi anakhala opanda dziko masiku onse. Koma Mulungu adziwa kupatsa nchito ngakhale m'kubalalika. Inu a nyumba yaikuru, kumbukirani Rubeni ndi Efraimu. Ndipo ife amene tiri ndi ana tisadikire tsiku la pakama, monga Yakobo anadikira ndi Rubeni. Tidzudzule colakwa cikali cacing'ono, titemberere coipaco osati mwanayo, ndipo mau okoma amene tiwasungira ana athu tiwanene iwo alikumva, ife tikali ndi mphamvu ya kuyenda nao.